Banki Itagwa, Ndalama Zanga Ndingazionenso? Mafunso Anu, Mayankho Athu

Makalata ambiri a mwezi uno abwera ndi nkhawa imodzi: ndalama zimene munthu wasungitsa ku banki zimathera kuti bankiyo ikatsekedwa? Tasankha makalata asanu ndi atatu, ena tawafupikitsa.

Ndimagulitsa kaunjika. Ndili ndi maakaunti atatu ku banki imodzi. Mu savings muli K1,200,000, mu current yomwe ndimalipirira mabelo muli K900,000, ndipo K2,000,000 ndinaitsekera ku fixed deposit ya miyezi 6. Mnzanga akuti banki itagwa boma limabweza zonse. N'zoona? (Mayi wa ku Limbe)

Amayi, mnzanuyo walondola mbali imodzi yokha. Chitetezo chilipo, koma sichifika pa ndalama zonse. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Deposit Insurance Corporation Act, ndipo bungwe lobadwa m'lamuloli, lomwe ambiri akungolitchula kuti DIC, lidayamba ntchito mu 2023. Banki iliyonse yokhala ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi iyenera kukhala membala ndi kumasonkha ku thumba la bungweli, kufuna kaya kusafuna. Banki ikatsekedwa, DIC imatapa m'thumbamo n'kubwezera osungitsa ndalama, koma ndi malire. Malire ake ndi K3,000,000 pa munthu mmodzi ku banki imodzi.

Mawu akuti "munthu mmodzi ku banki imodzi" muwagwiritsitse, chifukwa ambiri amaphonyera pomwepa. Chowerengedwa ndi mwini ndalama, osati kuchuluka kwa maakaunti. Anu atatuwo adzaphatikizidwa pamodzi: K1,200,000, K900,000 ndi K2,000,000 zikukwana K4,100,000. DIC idzakupatsani K3,000,000.

K1,100,000 yotsalayo sikuti yapita, koma imakaima pamzere wina, wautali. Munthu wosankhidwa kuti athetse bankiyo amagulitsa nyumba, magalimoto ndi katundu wake yense, amatolera ngongole kwa onse amene adabwereka, ndipo zopezekazo amazigawa kwa onse amene banki inali nawo ngongole, inu mmodzi wa iwo. Mungalandire yonse, mungalandire theka, mungalandire kangachepe, ndipo zoterezi zimatha zaka. Kwa munthu wa mabelo, amene mpamba wake uyenera kuzungulira sabata ndi sabata, ndalama yobwera patatha zaka zitatu siithandizanso bizinesi, imapeza benchi litatengedwa ndi wina.

Kutsegula akaunti ina ku nthambi ya ku Zomba kapena ya ku Lilongwe sikusintha kanthu, nthambi zonse ndi banki imodzi. Chimene tingakulangizeni n'chakuti fixed deposit yanuyo ikakhwima mukaitsekere ku banki ina. Mukatero ku banki yoyamba kudzatsala K2,100,000, ku yachiwiri K2,000,000, ndipo zonse zidzakhala mkati mwa malire. Musaithyole isanakhwime, mudzataya chiwongola dzanja popanda chifukwa. Ndipo poti malirewa angathe kuunikidwanso, muzifunsa ku nthambi yanu kamodzi pachaka kuti afika pati.

Banki imagwa bwanji pomwe ndalama zili m'chipinda chake chokhoma? Kodi kuno kwathu zidachitikapo? (Mphunzitsi wopuma ntchito, Dedza)

Bambo, ndalama zanu sizikhala m'chipinda chokhomacho. Banki imasunga gawo lochepa loti anthu azitapa tsiku ndi tsiku, gawo lina imasungitsa ku Reserve Bank monga lamulo linenera, ndipo zambiri imabwereketsa kwa amalonda, kwa ogwira ntchito ndi ku boma. Phindu lake limachokera pa kusiyana kwa chiwongola dzanja chimene imalipiritsa obwereka ndi chimene imapatsa inu.

Kugwa kumadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ngongole zosabwezedwa. Zikachuluka, zimadya mpamba wa eni banki, ndipo mpambawo ukatha zimayamba kudya ndalama za osungitsa. Zoopsa kwambiri ndi ngongole zoperekedwa mwachibale, kwa akuluakulu a banki eni ake kapena kwa anthu amphamvu amene palibe angayerekeze kuwalanda chikole. Njira yachiwiri ndi mantha. Anthu onse akathamangira kukatapa tsiku limodzi, ngakhale banki yoyenda bwino singakwanitse, poti ndalamazo zili m'manja mwa obwereka amene nthawi yawo yobwezera sinakwane. Ku America, mu Malichi 2023, makasitomala a Silicon Valley Bank adafuna kutapa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwake bankiyo idatsekedwa. N'chifukwa chake uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti banki yakutiyakuti ikugwa musamautumize kwa ena musanamve kuchokera ku Reserve Bank. Netiweki ikavuta kapena makina a ATM akatha ndalama pa malipiro, si chizindikiro cha kugwa.

Kuno kwathu, Finance Bank idalandidwa chiphaso mu 2005 pa nkhani za ndalama zakunja, ndipo idatseka zitseko mu 2006. Koma kawirikawiri banki ikafooka kapena eni ake akafuna kuchoka, imagulidwa ndi ina. Malawi Savings Bank, yomwe idalemedwa ndi ngongole zosabwezedwa, idagulitsidwa ku FDH mu 2015. Chaka chomwecho National Bank idagula Indebank, ndipo mu 2017 Opportunity Bank idalowa m'manja mwa banki imene lero ndi First Capital Bank. Pa zoterezi maakaunti a anthu amangosamukira ku banki yogulayo pamodzi ndi ndalama zake. DIC imalowerera pobweza ndalama pamene njira zoterezi zakanika ndipo banki yatsekedwa ndithu.

Kanthu kena koti mudziwe: mabanki awiri akasanduka imodzi, inu amene mudali ndi ndalama konse kuwiri mumapezeka kuti zonse zili pansi pa denga limodzi. Mukamva za kugulana kwa mabanki, werengeraninso.

Ndili ndi shopu ya hadiweya, ndipo ndinailembetsa dzina lake ku boma. Akaunti ya shopu ndi yanga ya ine mwini zili ku banki imodzi. Kodi iliyonse ili ndi K3,000,000 yakeyake? (Wamalonda, Mchinji)

Achimwene, yambani mwayang'ana satifiketi imene mudalandira polembetsa. Pali kulembetsa kwa mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amakusokoneza.

Ngati mudangolembetsa dzina la bizinesi, inu nokha n'kukhala mwini, ndiye kuti pamaso pa malamulo shopuyo ndi inu ndinu munthu mmodzi. Dzinalo lili ngati chikwangwani chabe. Ngongole za shopu ndi zanu, ndalama za shopu ndi zanunso. Pokonza kasungidwe kanu, phatikizani maakaunti awiriwo n'kuwayeza ndi malire amodzi. Kuwerengera kotere sikungakupwetekeni.

Koma ngati mudalembetsa kampani pansi pa Companies Act ya 2013, ija ya dzina lothera ndi "Limited", kampaniyo ndi munthu payokha pamaso pa malamulo. Ili ndi katundu wake, ngongole zake, ndipo akaunti yake ndi ya wosungitsa wina, osati inu. Apo ndalama za kampani ndi zanu siziphatikizidwa.

Tisakunamizeni kuti muthamangire kukatsegula kampani chifukwa cha nkhani yokhayi. Kampani ili ndi zake: malipoti a chaka ndi chaka, mabuku olongosoka, misonkho ya ku MRA yowerengedwa mwanjira ina. Walira mvula walira matope. Kwa shopu yapakatikati, njira yosavuta ndiyo kuika akaunti ya shopu ku banki ina, yanu ku banki ina.

Palinso chifukwa china chimene timachiona chachikulu kuposa malirewo. Banki ikatsekedwa, ngakhale ndalama zanu zonse zikhale zotetezedwa, sizituluka tsiku lomwelo. Pamafunika nthawi yoti mabuku aunikidwe ndi mayina atsimikizidwe. Masiku amenewo anyamata a pashopu akufuna malipiro, mwini nyumba akufuna lendi, galimoto ya simenti yafika. Bizinesi yokhala ndi akaunti yachiwiri ku banki ina, momwe muli ndalama zokwanira malipiro ndi lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri, imapitiriza kugulitsa. Yopanda akaunti yotere imatseka, ngakhale kuti pamapeto pake sidzataya tambala ndi imodzi yomwe.

Wina anandiimbira foni kuti ndilembetse inshulansi ya akaunti yanga polipira K15,000. Ndilipire? (Namwino, Mangochi)

Ayi, musalipire, ameneyo ndi wakuba. Wosungitsa ndalama salembetsa ndipo salipira kanthu. Chitetezo chimayamba chokha mukangotsegula akaunti, ndipo osonkha ndi mabanki. Aliyense wofunsa nambala yanu yachinsinsi kapena manambala obwera pa uthenga wa pafoni, kaya akuti ndi wa ku banki, wa ku DIC kapena wa ku Reserve Bank, mudulireni foni. Dziwaninso kuti ndalama zobedwa mwanjira imeneyi DIC siibweza, poti ntchito yake ndi ya banki yotsekedwa basi. Zikakuchitikirani, imbirani banki yanu nthawi yomweyo kuti itseke akaunti, kanenani ku polisi, ndipo lembani dandaulo ku banki n'kusunga kope. Banki ikapanda kukuthandizani, dandaulolo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Ndine msungichuma wa banki mkhonde ya anthu 24. Pofika Novembala timakhala ndi ndalama zoposa K8,000,000. Zina zili m'bokosi, zina pafoni, zina ku akaunti ya gulu. Ena akuti tilowe SACCO. Chotetezedwa n'chiti? (Mayi wa ku Ntcheu)

Amayi, funso lanu ndi lolemera, tiyeni tiliyende malo ndi malo.

Za m'bokosi zilibe inshulansi ya mtundu uliwonse. Banki mkhonde si banki pamaso pa malamulo, ndipo bokosi likabedwa, likapsa kapena wina akathawa nalo, palibe bungwe lobweza. Chitetezo chake ndi chomwe mukuchidziwa kale: maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, wosunga bokosi asakhale ndi kiyi, ndipo ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse. Nyengo yoopsa ndi masabata omaliza musanagawane, pamene ngongole zonse zabwezedwa ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti bokosi ladzaza. Nyengo imeneyo ndalama zisagone m'nyumba ya munthu.

Za pafoni, kaya ndi Airtel Money kaya TNM Mpamba, chitetezo chake chimayenda njira ina. Malamulo a Reserve Bank amafuna kuti kwacha iliyonse yooneka pafoni ikhale ndi inzake yeniyeni yosungidwa ku banki, mu akaunti yapadera yosungira makasitomala, yosasakanizidwa ndi ndalama za kampani ya foniyo. Cholinga n'chakuti kampaniyo itagwa, amene ili nawo ngongole asagwire ndalama za anthu. Koma vuto lanu lenileni lili pafupi kuposa apo. Nambalayo idalembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo nambala yachinsinsi akuidziwa ndi mmodzi. Iyeyo akamwalira, akabedwa foni kapena akasintha mtima, gulu lidzavutika kutsimikiza kuti ndalamazo n'zake. Foni izikhala njira yodutsira ndalama popita ku banki, osati nkhokwe.

Za ku akaunti ya gulu ndizo zili pansi pa DIC, poti zili ku banki. Koma akauntiyo ili m'dzina limodzi, choncho pokonza zinthu muiwerengere ngati ya wosungitsa mmodzi, musachulukitse K3,000,000 ndi anthu 24. Ngati mumafika K8,000,000, tsegulani maakaunti a gulu ku mabanki atatu. Akhale m'dzina la gulu, osati la wapampando, ndipo potapa pazisainira anthu awiri mwa atatu. Sungani bwino malamulo a gulu olembedwa, mndandanda wa mamembala wokhala ndi manambala a ziphaso zawo, ndi kaundula woonetsa masheya a aliyense. Kope lina likhale kwa munthu wina, kunja kwa bokosi.

SACCO ndi bungwe lovomerezeka, limayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions pansi pa Financial Cooperatives Act ya 2011, ndipo ambiri ali pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno. Koma DIC idayamba ndi mabanki. Musalowe SACCO poganiza kuti K3,000,000 ija ikutsatani komweko. Musanalowe, pemphani kuona chiphaso chake ndi malipoti a zachuma owunikidwa ndi akatswiri akunja, ndipo mumvetse kusiyana kwa masheya ndi ndalama zosungitsa. Masheya amakusandutsani eni ake, ndipo zinthu zikavuta eni ake ndiwo amayamba kuluza. Funsani zonsezi pamsonkhano, pamaso pa anthu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndili ndi ngongole ya K1,500,000 ku banki yomwe ndimasungako ndalama. Itagwa, ngongoleyo ifera pomwepo? (Wa minibasi, Mzuzu)

Ayi achimwene, ngongole siifa. Kwa banki, ngongole yanu ndi katundu, ndipo wothetsa banki adzaitolera kapena kuigulitsa ku banki ina. Chikole chanu, kaya ndi bulubuku ya minibasi kaya mapepala a nyumba, chidzakhalabe chogwidwa mpaka mutamaliza. Werenganinso pangano limene mudasaina, ambiri mwa mapangano amenewa amalola banki kutenga ndalama za mu akaunti yanu n'kulipirira ngongole yanu. Choncho wokhala ndi K2,000,000 mu akaunti ndi ngongole ya K1,500,000 asawerengere kuti K2,000,000 yonseyo ndi yake. Pitirizani kubweza kudzera m'njira imene yalengezedwa mwalamulo, ndipo sungani lisiti lililonse.

Ndimalima fodya. Ndikagulitsa ku okushoni ku Chinkhoma, ndalama zimalowa nthawi imodzi, chaka chino zinafika K9,000,000, ndipo zimakhala mpaka nthawi yogula feteleza. Kodi si bwino kungotapa zonse n'kusunga kunyumba? (Mlimi, Kasungu)

Bambo, kunyumba ayi. Mabanki otsekedwa kuno tingawawerenge ndi zala, koma nyumba zothyoledwa m'nyengo ya fodya palibe angaziwerenge. Onjezanipo moto, chiswe, ndi abale amene amadziwa kuti ndalama zili pansi pa matiresi.

Ngati mukufuna kuti K9,000,000 yonse ikhale mkati mwa malire, pafunika mabanki atatu, koma musadzaze iliyonse mpaka pakamwa. Mukaika K3,000,000 ndendende, chiwongola dzanja chikalowa mwadutsa kale malire. Ndi bwino kuika K2,700,000 kapena K2,800,000 ku banki iliyonse, yotsalayo n'kulipiriratu zofunika monga fizi ndi aganyu. Ngati mayi a kunyumba ali ndi akaunti m'dzina lawo, iwo ndi wosungitsa payekha, ali ndi malire awoawo ngakhale ku banki yomweyo. Koma dziwani kuti ndalama zikalowa mmenemo, pamaso pa banki ndi zawo, choncho mugwirizane bwinobwino. Musanatsegule maakaunti ambiri funsani zimene banki iliyonse imadula pamwezi, ndipo posamutsa ndalama mutumize kuchokera ku banki kupita ku banki, osanyamula m'chikwama pa kabaza.

Komabe kwa inu mdani wamkulu si kugwa kwa banki. Ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya feteleza idatsatira. Mlimi amene adasunga ndalama kuyambira Julayi kudikira Novembala adapeza ndalama zake zili zonse mu akaunti, koma matumba ogulika atachepa. DIC imabweza kwacha pa kwacha, siibweza mphamvu yogulira. Ngati muli ndi posunga pouma ndi potetezeka, gulani feteleza ndi mbewu ndalama zikangolowa, kwa ogulitsa odziwika, ndipo katunduyo mutenge m'manja, osangolandira lisiti la "mudzatenga". Zotsala zimene simuzifuna msanga, fixed deposit ya miyezi 3 ikupatsani kochulukirapo kuposa savings.

Ena adzakuuzani za ma Treasury bill, masheya a pa Malawi Stock Exchange kapena ma unit trust. Zili ndi ubwino wake, koma si ndalama zosungitsa ku banki, choncho DIC siziteteza, ngakhale mutazigula kudzera pa kauntala ya banki. Ndipo aliyense wolonjeza kukuwirikizirani ndalama pamwezi umodzi, muyambe mwamufunsa chiphaso cha Reserve Bank.

Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndili ndi akaunti kuno ndi ina kumudzi. Ya kumudziyo ndinatsegula kale ndi dzina la kusukulu, ndipo sindinaigwiritse ntchito zaka zitatu. Bambo anga omwalira analinso ndi akaunti ku banki yomweyo. Nditani? (Mnyamata wa ku Nkhata Bay)

Achimwene, akaunti iliyonse imatetezedwa ndi dziko limene ili. Ku South Africa kuli Corporation for Deposit Insurance, kapena kuti CODI, yomwe idayamba mu Epulo 2024 ndipo imateteza mpaka R100,000 pa munthu mmodzi ku banki imodzi. Dzikolo lidaona zowawa mu 2018 pamene VBS Mutual Bank idagwa ndi ndalama za okalamba ndi za magulu a maliro. Kwa abale athu a ku Britain, bungwe lake ndi FSCS, ndipo malire ake adakwera kuchoka pa £85,000 kufika pa £120,000 kuyambira 1 Disembala 2025. Ndalama zimene mwapatsa munthu wa basi kapena wosintha ndalama wa pamsika kuti akaperekere kumudzi sizili pansi pa bungwe lililonse mwa amenewa.

Tsopano za akaunti ya kumudzi, zomwe zikutidetsa nkhawa kwambiri. Pobweza ndalama amatsata zolembedwa m'mabuku a banki. Dzina la m'mabuku likasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika cha NRB, malipiro anu adzaima mpaka mutatsimikiza kuti anthu awiriwo ndi mmodzi, ndipo kuchita zimenezi banki itatsekedwa kale, inu muli kunja, n'kovuta zedi. Mukabwera pa tchuthi pitani ku nthambi ndi chiphaso chosatha ntchito. Ngati mayina akusiyana, tengani kalata yolumbira yosainidwa ndi loya kapena ku khoti, yonena kuti mayina onsewo ndi anu. Lembetsani nambala ya foni imene mukugwiritsa ntchito panopa, dzutsani akauntiyo poikamo kapena kutapamo kangachepe, ndipo pemphani sitetimenti yodindidwa. Muijambule pafoni, pepala lenilenilo musunge pamodzi ndi satifiketi ya fixed deposit ngati muli nayo. Muzichita zimenezi kamodzi pachaka.

Akaunti ya malemu bambo anu musaisiye. Ndalama zimenezo ndi chuma chamasiye, ndipo zimayendetsedwa ndi Deceased Estates Act ya 2011. Banki singapatse mwana kapena mayi wamasiye chifukwa chongoti ndi wachibale, ngakhale akhale ndi khadi ndi nambala yachinsinsi, ndipo kutapa ndi khadi la malemu kungakuikeni m'mavuto. Pamafunika satifiketi ya imfa, ziphaso za olowa chuma, ndi chikalata cha khoti chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati adasiya wilo, khoti limatsimikiza wiloyo. Ngati sadasiye, yambirani ku ofesi ya DC wa boma lanu kapena kwa Administrator General, akuuzani njira yoyenera malinga ndi kukula kwa chumacho. Uzani banki za imfayo mwa kalata kuti akaunti itsekedwe kwa aliyense, ndipo pemphani kuti akudindireni kope la kalatayo ndi deti limene ailandira.